Zimbale zomvera osadumpha nyimbo: yankho kwa wowerenga wa ku Katete

Wowerenga wina wa ku Katete, amene amayendetsa galimoto ya katundu pakati pa Chipata ndi Lusaka, watumiza funso pa imelo. Akuti flash yake ndi yodzaza ndi nyimbo zimene anamuikira mnyamata wina pamsika, koma pofika pa mlatho wa Luangwa amakhala atadumpha zambiri kuposa zimene wamvera. Funso lake ndi lakuti, kodi zilipo zimbale zoti munthu n'kuzisiya zikulira kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osagwira batani? Nanga angazisunge bwanji kuti nyimbozo zizibwera motsatana mmene oimba anazikonzera?

Zikomo achimwene. Zilipo ndithu, ndipo zina mwa zabwino kwambiri zinajambulidwa ndi ana a dziko lino. Koma ndiyambe ndi chifukwa chimene zimbale zina zimakomera kuzimva zathunthu, chifukwa mukachidziwa mudzatha kusankha nokha.

Mbale yakuda ija ya galamafoni, yotchedwa LP, inkanyamula mphindi pafupifupi 20 mbali iliyonse. Choncho chimbale chonse chinkatha pa mphindi 35 mpaka 45, ndipo malo otayira nyimbo zachabechabe panalibe. Singano ikamayandikira pakati pa mbaleyo mawu amachepa mphamvu, ndiye odziwa ntchito ankaika nyimbo zaphokoso kumayambiriro kwa mbali, zodekha kumapeto. Womvera ankadzuka n'kutembenuza mbale, ndipo mbali yachiwiri inkayenera kuyamba ndi nyimbo yomukokanso khutu. Itabwera CD, yonyamula mphindi mpaka 80, oimba ambiri anayamba kuthira nyimbo 16 kapena 18 pomwe zokhwima zinali 9 zokha. Mukaona chimbale chaching'ono, cha nyimbo 8 mpaka 12, kawirikawiri ndiye kuti wina anakhala pansi n'kupeta bwinobwino.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Exodus ya Bob Marley and the Wailers, ya 1977. Marley anawomberedwa kunyumba kwake ku Kingston mu Disembala 1976, anapulumuka, n'kupita ku London kumene anakajambulira chimbalechi. Muli nyimbo 10, zisanu mbali iyi zisanu mbali inayo. Yoyamba, Natural Mystic, imayamba chapansipansi ngati gulu loimba likuchokera kutali, ndipo anthu ambiri amathamangira kukweza voliyumu poganiza kuti sipika yafa. Isiyeni, ikwera yokha. Nyimbo zisanu zoyambazo ndi zolemera, za chikhulupiriro, za adani ndi za chiweruzo, ndipo zimakathera pa nyimbo yaitali imene chimbale chinatengerapo dzina. Kenako Jamming imatsegula mbali yachiwiri, ya chikondi ndi chimwemwe. Amene amangodziwa Three Little Birds payokha amaimva ngati kanyimbo kosangalatsa basi. Mukaifikira mutadutsa m'nyimbo zamdima zija, mukudziwa kuti woimbayo anali atangopulumuka ku zipolopolo, imakhala ina. Musasokoneze chimbalechi ndi Legend ya 1984. Imeneyo ndi nyimbo zotoledwa m'zimbale zosiyanasiyana mwini wake atamwalira kale. Ndi yokoma, koma si iye anaiyala.

Tsopano za kwathu, zimene ndikufuna kuti muyambire. M'zaka za m'ma 1970, boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia, magulu oimba anaphuka ngati bowa, makamaka ku migodi ndi ku Lusaka. Nyimbo zawo ndi zimene lero zimatchedwa Zamrock. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zogulira mbale ndi zolowera m'madansi zinasowa, ndipo pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mbale zambiri zinatayika. Kampani ya ku America ya Now-Again ndi imene yatulutsanso zambiri mwa izo, n'chifukwa chake lero mungazipeze pa intaneti zikumveka bwino.

Yambani ndi 45,000 Volts ya Ngozi Family, ya 1977. Mtsogoleri wake, Paul Ngozi, dzina lake lenileni anali Paul Nyirongo, pa ng'oma panali Chrissy Zebby Tembo ndipo pa besi Tommy Mwale. Mayina okhawo akukuuzani kuti si alendo kwa ife a kum'mawa. Nyimbo zina ndi za Chingerezi, zina za Chinyanja cha ku Lusaka, chomwe mudzamva popanda womasulira. Gitala ya Ngozi imalira mokhadzula, ngati lata likung'ambika. Si kuwonongeka kwa kujambula ayi, ankaidutsitsa dala m'kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz. Chimene chimagwira chimbalechi pamodzi ndi kuchepa kwa zida: gitala, besi, ng'oma ndi mawu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pofika nyimbo yachitatu khutu limakhala litazolowera, n'kuyamba kumva zimene besi ikuchita pansi pa phokosolo. Mukangotolapo nyimbo imodzi n'kuiponya pakati pa nyimbo za masiku ano zopangidwa pa kompyuta, imamveka yowonda ndipo mudzaidumpha. Ngozi anamwalira mu 1989. Chikakukomerani chimenechi, pitani ku Day of Judgement ya 1976.

Africa ya gulu la Amanaz la ku Kitwe, ya 1975, ndi yodekha, yoyenera usiku kapena m'bandakucha msewu uli zii. Gululi linatulutsa chimbale chimodzi chokhachi. Nyimbo zambiri ndi za Chingerezi, zingapo za Chibemba, ndipo yodziwika kwambiri ndi Khala My Friend. Apa pali msampha. Chimbalechi chinatuluka m'mitundu iwiri ya kasakanizidwe ka mawu, wina wouma, wina wokhala ndi mawu obwerera ngati mukuimbira m'tchalitchi chopanda anthu. Pochitulutsanso anaika mitundu yonse iwiri, ndiye mukakopera zonse mu foda imodzi nyimbo iliyonse izibwera kawiri. Yang'anani mawu akuti Dry (wouma uja) kapena Reverb (wa mawu obwerera) pa dzina la nyimbo, musankhe mtundu umodzi. Ine ndimati m'galimoto woumawo ndiwo wabwino, chifukwa phokoso la injini limameza mawu obwerera aja n'kusiya zonse zili mbuu.

Za gulu la WITCH la Jagari Chanda, tengani Lazy Bones!! ya 1975. Nyimbo yotsegulira, Black Tears, imayamba mwachifatse kenako n'kuphulika, ndipo imakuphunzitsani mmene mungamvere zotsalazo. Gululi linadzukanso n'kutulutsa Zango mu 2023. Kumva ziwirizi motsatana, mawu a munthu yemweyo zaka 48 zitadutsa pakati, ndi chinthu chogwira mtima.

Tikawoloka pa Mwami kulowa m'Malawi, dzina loyamba ndi Evison Matafale wa ku Chileka. Kuimba 1 ndi Kuimba 2 ndi zimbale zimene ambiri kuno amadziwamo nyimbo ziwiri kapena zitatu za m'mabasi ndi m'mabala, koma ochepa anazimvapo zonse mwadongosolo. Nyimbo zambiri ndi rege ya m'Chichewa chathu chenicheni, chodzala ndi Baibulo, chisoni ndi kudzudzula. Matafale saimba ngati munthu wofuna kukuvinitsani, amaimba ngati mlaliki amene nthawi yamuthera, ndipo kulemera kumeneko kumaunjikana nyimbo ndi nyimbo. Anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi. Abale ake a gulu la Black Missionaries anapitiriza dzinalo kuyambira pa Kuimba 3. Oika nyimbo pamsika amakonda kusakaniza zonsezi mu foda imodzi yolembedwa kuti Ma Blacks. Auzeni akupatulireni chimbale chilichonse pachokha, ziwiri za Matafale zikhale padera.

Kwa amene amamva Chitumbuka, ngati abale athu a ku Lundazi ndi ku Chama, Zani Muwone ya Wambali Mkandawire, ya 2002, ndi chuma. Ndi jazi yomangidwa pa maimbidwe a kumpoto kwa Malawi, yojambulidwa mosamala kwambiri. Imeneyi musaiwonongere m'galimoto. Isungireni Lamlungu masana, pakhonde.

Tuku Music ya Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, ya 1999, ndiyo ya pamsewu weniweni. Nyimbo zake ndi zazitali, magitala amalukana ngati mbira, ndipo liwiro silisintha mwadzidzidzi, moti dalaivala sakutenthedwa mutu kapena kuodzera. Todii, yolira za Edzi, ili m'menemo. Simufunika kudziwa Chishona kuti mumve kuti mawu okhuthala aja akunena za maliro ndi za kwawo. Graceland ya Paul Simon, ya 1986, muimvere chifukwa cha gitala ya Ray Phiri, amene bambo ake anachokera ku Malawi, besi ya Bakithi Kumalo ndi mawu a Ladysmith Black Mambazo. What's Going On ya Marvin Gaye, ya 1971, ili ndi nyimbo 9 m'mphindi pafupifupi 35, ndipo zambiri zimalowana popanda mpata, ngati nyimbo imodzi yaitali ya msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam n'kupeza kwawo kutasokonekera. Pa za masiku ano, As Above, So Below ya Sampa the Great, ya 2022, inajambulidwa kuno ku Zambia ndi Mag44, ndipo muli WITCH, Chef 187 ndi Angélique Kidjo. Ndi umboni wakuti luso loyala chimbale silinafe.

Tibwere ku gawo lachiwiri la funso lanu, pamene zinthu zimawonongekera.

Vuto lalikulu la flash ya pamsika ndi mayina a mafailo. Nyimbo zikakhala ndi mayina okha, foni kapena wailesi imaziyala motsata alifabeti, ndipo dongosolo la woimba limathera pomwepo. Chimbale chilichonse chikhale ndi foda yake, ndipo dzina la nyimbo iliyonse liyambe ndi nambala ya manambala awiri: 01, 02, 03 mpaka 10. Mukalemba 1, 2, 3 popanda ziro, makina ambiri amaika 10 pambuyo pa 1, ndiye nyimbo yomaliza imalira yachiwiri. Mndandanda woyenera wa nyimbo muupeza pa chikuto cha chimbale, kapena polemba dzina lake pa masamba a pa intaneti a Discogs kapena Wikipedia.

Ngakhale mutatero, mawailesi ambiri a m'galimoto ndi masipika otchipa olowetsa memory card sayang'ana mayina n'komwe. Amaimba motsata mmene mafailo analowera mu flash. Mukaona kuti manambala ali bwino koma nyimbo zikubwerabe mosokonekera, chifukwa chake n'chimenechi. Sungani zonse pa kompyuta, fufutani flash yonse poipanga format ya FAT32, imene mawailesi akale amawerenga mosavuta, kenako koperani foda imodzi, idikireni ithe, ndiye ina. Ikavutabe, lowetsani nyimbo imodziimodzi kuyambira 01. Zimadya nthawi, koma ndi ntchito ya tsiku limodzi. Onaninso kuti pa wailesi sipakuwala RDM kapena MIX, amenewo ndi mabatani osakaniza nyimbo.

Kukula kwa failo nakonso n'kofunika. MP3 ya 128 kbps (nambala ya kbps ikachepa ndiye kuti mawu afinyidwa kwambiri) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho chimbale cha mphindi 40 ndi pafupifupi 40 MB. Ya 320 kbps imadya 2.4 MB pa mphindi, kapena 96 MB pa chimbale chomwecho. M'galimoto 192 kbps ndi yokwanira. Mukapeza nyimbo ya mphindi zisanu ili ndi 2 MB yokha, ndiye kuti inafinyidwa kwambiri: zitsulo za ng'oma zimamveka ngati madzi akuthira m'chidebe, ndipo besi ya Tommy Mwale imasowa. Flash ya 8 GB imanyamula zimbale zoposa 100 pa 192 kbps, ndiye palibe chifukwa chofinyira.

Ngati mumamvera pa Spotify kapena Boomplay, tsegulani tsamba la chimbale chenichenicho, osati mndandanda wa nyimbo zotchuka za woimbayo. Zimitsani Shuffle (yosakaniza nyimbo), Crossfade (yoyambitsa nyimbo ina inzake isanathe) ikhale pa ziro, ndipo Gapless (yochotsa mpata pakati pa nyimbo) ikhale yoyaka. Popanda zimenezi, nyimbo za Marvin Gaye zolowana zija zimadukaduka kapena kupondana. Nkhani ya kusakaniza nyimboyi oimba amaitenga mozama, moti mu 2021 Adele, woimba wa ku England, anapempha Spotify kuti batani loyambira chimbale lisamasakanize nyimbo, ndipo anamumvera. Koperani zimbale zanu mukadali m'tauni, bandulo ili yokwanira, chifukwa m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa netiweki imabwera n'kupita. Kulipira m'njira zovomerezeka zimenezi, kapena kugula pa tsamba logulitsa nyimbo la Bandcamp, kumathandizanso kuti kangachepe kafike kwa oimba amene adakali moyo ndi kwa mabanja a amene anatisiya.

Zimbale za m'ma 1970 zambiri zinagawa zida kumanzere ndi kumanja, gitala uku, zina uko. Kasipika kamodzi ka Bluetooth kamaphatikiza zonse pamodzi, ndipo kuvala hedifoni khutu limodzi kumakubisirani theka la gulu. M'galimoto onani kuti Balance, yogawa mawu kumanzere ndi kumanja, ili pakati ndiponso kuti sipika ya chitseko cha kumanzere ikulira, chifukwa waya wake umakonda kuduka pa mahinjesi. Mahedifoni musavale mukuyendetsa, amenewo ndi a kunyumba.

Zimbale zotulutsidwanso, zolembedwa Deluxe kapena Expanded, zimakhala ndi nyimbo zowonjezera kumapeto: zoyeserera, za pa siteji, kapena nyimbo yomweyo yosakanizidwa mwina. Zichotseni mu foda yaikulu n'kuziika mu ina. Exodus imathera pa nyimbo ya 10, One Love, ndipo What's Going On pa ya 9, Inner City Blues. Kuchoka Chipata kukafika Katete chimbale chimodzi chimatha, chachiwiri n'kuyambako. Ulendo wonse wa ku Lusaka mafoda 10 kapena 12 akukwanirani, ndipo Africa ija muiike yoyamba ngati mukunyamuka kusanache.