Mafunso Anu: Filimu ya Chocolat, Lenti, ndi Chokoleti Chotuwa

Amayi a m'mphakati mwathu tinaonera filimu ya Chocolat, ndipo mpaka lero tikutsutsana. Kodi tauni ija ilipodi ku France? Nanga n'zoona kuti Mpingo umaletsa chokoleti pa Lenti? — Mayi wa ku Turffontein

Mayi, tauni ya Lansquenet-sous-Tannes simungaipeze pa mapu. Anaipeka ndi Joanne Harris, mlembi wa ku England, m'buku lake la mu 1999, ndipo filimu yomwe anatsogolera Lasse Hallström inatuluka mu 2000. Koma misewu, tchalitchi ndi bwalo lija n'zenizeni. Anazijambula ku Flavigny-sur-Ozerain, kamudzi ka anthu mazana ochepa m'chigawo cha Burgundy, komwe kamatchuka ndi maswiti a anise osati chokoleti.

Nkhani ya m'filimuyi imachitika mu 1959. Vianne, yemwe ndi Juliette Binoche, amafika ndi mwana wake Anouk n'kutsegula sitolo ya chokoleti Lenti itangoyamba, iyeyo wosapita kutchalitchi ndiponso wosakwatiwa. M'buku amene amalimbana naye ndi wansembe. M'filimu anasintha: mdani wake ndi meya, Comte de Reynaud, amene amachita kukonzera wansembe wachinyamata ulaliki. Chikondi cha Vianne ndi Roux, yemwe ndi Johnny Depp, n'chimene anthu amakumbukira, koma kwa ife mtima wa filimuyi uli pa Josephine wothawa nkhanza za mwamuna wake, ndi gogo Armande wodwala shuga. Filimuyi inapikisana nawo pa mphoto 5 za Oscar koma sinapate ngakhale imodzi.

Za Lenti, lamulo la Mpingo wa Katolika silitchula chokoleti. Limanena za kusala chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kwa a zaka 18 mpaka 59, komanso kusadya nyama pa masiku amenewa kuyambira zaka 14. Kusiya zotsekemera ndi nsembe imene munthu amasankha yekha. Zimene meya uja ankakakamiza anthu zinali zake, ndipo pamenepa filimuyi inakokomeza kuti nkhani ikome. Ngati mukufuna kuonera ndi ana aang'ono, dziwani kuti muli mwamuna womenya mkazi ndi boti lotenthedwa.

Nditaonera filimuyi ndinayamba kupanga tizokoleti togulitsa kuntchito. Tsiku loyamba timaoneka bwino, koma mawa lake timatuwa, tina timakhala ndi mizere yoyera, ndipo timasungunuka m'manja. Ndikulakwitsa pati? — Mtsikana wa ku Yeoville

Achemwali, vuto lanu ndi kutentha. Mafuta a koko akasungunuka n'kuumanso, amatha kuuma m'njira 6 zosiyana, ndipo imodzi yokha ndi imene imapereka chokoleti chonyezimira, chothyoka kuti thwa, chosungunukira m'kamwa pa madigiri pafupifupi 34. Mukangosungunula n'kuthira m'zikombole, mafutawo amauma mwachisawawa, kenako amakwera pamwamba n'kuoneka ngati phulusa. Chokoleti chotere sichinawonongeke, chikhoza kudyedwa, koma wogula sangachikhulupirire. Ntchito yowongolera mafutawa ophika amaitcha tempering, ndipo akatswiri amaichita pomwaza chokoleti pa mwala wosalala.

Musanayambe, werengani papaketi. Ngati palembedwa kuti muli mafuta a zomera m'malo mwa mafuta a koko, monga zilili ndi zokoleti zambiri zotchipa zophikira, tempering siyofunika: sungunulani pang'onopang'ono basi. Kungoti kukoma kwake kumatsalira ndipo kumasiya mafuta kumkamwa. Chokoleti chenicheni cha ntchitoyi chimalembedwa couverture ndipo chimakhala ndi mafuta a koko osachepera 31 peresenti. Mumachipeza m'masitolo ogulitsa zophikira makeke, kawirikawiri chili timabatani.

Simufunika mwala. Gulani thermometer ya digito, chifukwa chala sichingasiyanitse madigiri 29 ndi 33. Tiyerekeze kuti muli ndi magalamu 600 a chokoleti chakuda. Ikani 400 m'mbale yachitsulo youma bwino, ndipo 200 muwaduledule n'kuwaika pambali. Tenthetsani madzi pang'ono m'poto, muzimitse moto asanawire, n'kukhazika mbaleyo pamwamba osakhudza madzi. Takasani mpaka chifike madigiri 45 mpaka 50. Chotsani mbale, pukutani kunsi kwake, kenako muzithiramo aja 200 pang'onopang'ono uku mukutakasa osaleka. Chokoleti chosasungunulacho chili kale ndi mafuta oumbika bwino, ndipo chosungunukacho chimatengera pomwepo. Chikatsika kufika pa 31 kapena 32, chotsani tizidutswa totsala ndipo chakonzeka. Cha mkaka muchisungunule osapitirira 45 n'kuchigwiritsa ntchito pa 29 kapena 30. Choyera, chomwe sichichedwa kupserera, pa 28 kapena 29.

Yesani musanathire. Viikani nsonga ya mpeni n'kuusiya patebulo. Chikauma m'mphindi 3 mpaka 5, chonyezimira chopanda mizere, pitirirani. Chikakhalabe chonyowa, bwererani ku 45 muyambirenso. Chikayamba kulimba muli pakati pa ntchito, bwezerani mbale pamadzi ofunda kwa masekondi ochepa chabe, chifukwa mukadutsa 33 ntchito yonse yapita.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Dontho limodzi, ngakhale nthunzi yochokera m'poto kapena chipande chonyowa, limagwira shuga wa m'chokoleti n'kuchisandutsa chibuma. N'chifukwa chake sitivundikira mbale ndipo sitigwiritsa mthiko umene waphikira nsima. Chikachita chibuma musataye. Thiranimo kirimu wotentha supuni imodzi imodzi mpaka chisalale, chikhale chopaka pakeke.

Kutuwa kwina kumachokera m'furiji. Mukatulutsa tizokoleti tozizira m'chipinda chofunda timachita thukuta, shuga amasungunuka, n'kuumanso ngati mchenga. Mungasiyanitse pokhudza: kutuwa kwa mafuta kumaterera ndipo kumafufutika, kwa shuga kumakhakhala. Kuno ku Johannesburg zimenezi zimavuta kwambiri kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, masana kukatentha kenako n'kugwa mvula ya mabingu. Nyengo imeneyo gwirani ntchito m'mamawa, chipinda chili pa madigiri 18 mpaka 20. Zikombole zikhale m'furiji mphindi 10 mpaka 15 zokha, ndipo zomalizidwa muzisunge m'chigubu chotseka bwino pamalo ozizira a mdima. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka: khitchini imazizira kwambiri moti chokoleti chimauma musanamalize, ndiye fundizani zikombole ndi manja kapena ndi chowumitsira tsitsi. Ndipo musanyamule katunduyu padzuwa m'taxi.

Ngati zonsezi zikukulemerani poyamba, pangani ma truffle, omwe safuna tempering. Wiritsani kirimu mamililita 100, muthire pa magalamu 200 a chokoleti chakuda choduladula, dikirani mphindi 2, takasani kuyambira pakati, ikani m'furiji maola 2, umbani timipira n'kutigubuduza mu ufa wa koko kapena mtedza wokazinga wosinja. Mtedza wochokera kumudzi ndi wabwino zedi, bola musankhe n'kutaya wonse wofota ndi wachuku. Popeza muli kirimu, tisungeni m'furiji ndipo tigulitsidwe sabata isanathe.

M'filimu muja amamwa chokoleti chothira tsabola. Kodi zimenezi zimamwekadi, kapena n'za m'kanema? — Bambo wa ku Cosmo City

Zimamweka, bambo, ndipo n'zakale kuposa shuga m'chokoleti. Amaya ndi Aaziteki a ku Central America ndi Mexico ankamwa koko wowawa wosakaniza ndi madzi ndi tsabola, Azungu asanamudziwe. Zoti chimatsitsimutsa banja lozilala ngati m'filimu muja, izo ndiye za m'kanema.

Pa makapu awiri, tengani mkaka theka la lita, magalamu 100 a chokoleti chakuda cha 70 peresenti, supuni imodzi ya shuga, kamtengo ka sinamoni ndi kamchere pang'ono. Tenthetsani mkaka ndi sinamoni mpaka utayamba kuchita thovu m'mbali, usawire. Phulani, thirani chokoleti choduladula, dikirani mphindi imodzi, n'kupukusa ndi mpukuso mpaka chichite thovu. Tsabola wa ufa akhale wa kunsonga ya mpeni, mulawe musanawonjezere. Ngati muli ndi kambuzi wamuwisi, dulani kachidutswa, chotsani njere, muviike mumkaka mphindi 2 n'kuvuula. Fungo lake limagwirizana ndi chokoleti, koma mukamusiya nthawi yaitali simudzamvanso china chilichonse. Mukaona mafuta akuyandama pamwamba ndiye kuti mkaka unatenthetsa, ndipo kupukusa mwamphamvu ndi mkaka wozizira pang'ono kumabwezeretsa. Odwala shuga asiye supuni ya shuga ija ndipo amwe theka la kapu.

Ndikafuna kumagulitsa pamsika Loweruka, pakufunika chilolezo? — Mayi wa ku Rosettenville

Inde. Malo aliwonse okonzera chakudya chogulitsa, ngakhale khitchini ya kunyumba, amafunika Certificate of Acceptability motsatira malamulo a R638 a mu 2018. Mumafunsira ku ofesi ya zaumoyo wa malo ya City of Johannesburg m'chigawo chanu, ndipo woyendera amabwera kudzaona madzi, posamba m'manja ndi posungira zinthu. Okonza misika ambiri amafuna kuona pepalali asanakupatseni tebulo. Papaketi lembani zimene mwaikamo, makamaka mkaka, mtedza ndi soya zomwe zimadwalitsa anthu ena, ndi tsiku limene mwapanga. Powerengera mtengo musadalire wa chaka chatha. Koko wambiri amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, ndipo zokolola zitavuta kumeneko mtengo wake unadutsa madola 10,000 pa tani mu 2024, choncho yambani mwafunsa mtengo wa kilogalamu ya couverture musanalonjeze makasitomala.