Dokotala wa amisala kapena wa matenda a maganizo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 wa ku Ntcheu, ndipo mwachidule ikuti: "Aphunzitsi anatiuza kuti tilembe chimangirizo chonena za ntchito imene timaikhumba. Ine ndinalemba kuti ndikufuna kupanga udokotala wa amisala, koma iwo anangodula mzere kunsi kwa mawuwo osandiuza cholakwa. Kodi ntchito imene pa Chingerezi amati psychiatrist tingaitchule bwanji m'Chichewa chabwino? Nanga imasiyana bwanji ndi ya alangizi amene amabwera kusukulu kwathu?"

Aphunzitsi anu anaona zinthu ziwiri, ndipo ndiyamba ndi chaching'ono. Mneni wakuti kupanga ndi wa chinthu chimene chimatuluka m'manja mwa mmisiri, monga mpando kapena ngolo, ngakhale achinyamata masiku ano akuulowetsa paliponse. Udokotala timauphunzira, ndipo ntchito yake timaigwira. Popeza mukunena za zaka za m'tsogolo, musaiwalenso kaphatikizo ka -dza-: "ndikufuna kudzakhala dokotala."

Nkhani yaikulu ili pa mawu akuti "wa amisala". Pa malamulo a chiyankhulo palibe cholakwika, chifukwa timanenanso kuti dokotala wa ana kapena dokotala wa amayi. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene amanyozeka akatchedwa mwana kapena mayi, pamene Amalawi akamva zakuti wamisala amaona munthu wovala sanza amene akutola zakudya kudzala, ana akumugenda. Odwala ambiri amene dokotalayu amakumana nawo sali otero ayi. Wina ndi mayi amene wangochira kumene koma tulo sakutiona ndipo khanda lake sakulifuna. Wina ndi mnyamata amene chamba kapena kachasu wamugwira, wina ndi gogo amene wayamba kuiwala maina a adzukulu ake mpaka anthu kumunamizira ufiti, ndipo wina ndi bambo wapantchito amene ngongole zamufikitsa poganiza zodzipha. Anthu amenewa akamva kuti pakhomo paja ndi pa dokotala wa amisala, amabwerera panjira, chifukwa palibe amene amafuna kutengera dzinalo kumudzi.

Manyazi amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1910 boma la atsamunda linayamba kusunga odwala otere m'chigawo china cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala chawochawo chinatsegulidwa mu 1953. N'chifukwa chake mpaka lero kuuza munthu kuti "ukapimidwe ku Zomba" kapena "ndiwe wa ku mentolo" ndi chipongwe, ngakhale kuti mzinda womwewo ndi umene uli ndi sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi.

Pa maina amene amamveka pawailesi ndi m'nyuzipepala, "dokotala wa mutu" ndi losathandiza, poti litsipa nalonso ndi matenda a mutu. "Dokotala wa ubongo" likuyandikira, koma limasokoneza ndi katswiri wina amene amaona za ubongo ndi mitsempha, monga matenda ofa ziwalo. Kunena zoona, malire ake kuno kwathu si akuthwa, chifukwa odwala khunyu ambiri amalandira mankhwala kumbali yomweyo ya chipatala imene imasamalira odwala maganizo, koma ntchitozi ndi ziwiri. Ine ndimasankha "dokotala wa matenda a maganizo", chifukwa dzinali likutchula nthenda m'malo mopachika chizindikiro pa munthu. Choncho chiganizo chanu chikanayenera kukhala chotere: "Ndikufuna kudzakhala dokotala wa matenda a maganizo." Mawu akuti misala sindikuwathamangitsa m'Chichewa, poti alipo matenda aakulu amene munthu amamva mawu a anthu osaoneka kapena kukhulupirira kuti akusakidwa, ndipo abale ake sadzaleka kuwatchula choncho. Koma misala ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyi, ndipo ngakhale pamenepo ndi ulemu kunena kuti munthuyo akudwala misala kusiyana ndi kumutcha wamisala.

Pa kalembedwe, "wa" ndi "a" timawalemba motalikirana ndi dzina pamene akusonyeza umwini kapena mgwirizano, monga "matenda a maganizo", koma timawaphatikiza akapanga mfotokozi, monga "wabwino" kapena "wamisala". Mukasankha kunena kuti "a m'maganizo", musasiye kankhodolero kaja, chifukwa kakuimira u amene wagwa pa "mu".

Tsopano funso lanu lachiwiri. Dokotala wa matenda a maganizo amayamba wakhala dokotala wa thupi lonse. Mukakhoza bwino masamu, bayoloje, kemisitile ndi fizikisi pa mayeso a MSCE, njira yodziwika ndi ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Kumeneko mumachita chaka chokonzekera kenako zaka zisanu za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS, mumagwira ntchito m'chipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndipo bungwe la Medical Council of Malawi limakulembani m'kaundula. Mukatero m'pamene mumabwerera kukaphunzira zaka zina zinayi za ukatswiri wa matenda a maganizo. Ulendowu umapitirira zaka khumi, koma munthu amatuluka ali ndi mphamvu yopima wodwala, kumulembera mankhwala ndi kumugoneka m'chipatala. Katswiri wa za maganizo ndi khalidwe, amene pa Chingerezi amati psychologist, sadutsa ku udokotala ndipo salemba mankhwala, koma amathandiza pokambirana ndi munthu mwadongosolo. Alangizi obwera kusukulu kwanu aja ntchito yawo ndi uphungu, koma polemba muziwatcha alangizi, chifukwa mukati aphungu owerenga ambiri aganiza za Nyumba ya Malamulo.

Pachipatala wodwala amatcha aliyense wovala zoyera kuti adokotala, ndipo sindimuimba mlandu, pakuti m'maboma ambiri amene amasenza ntchitoyi ndi anamwino ndi makiliniko ofesala, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya zaumoyo ya St John of God ku Mzuzu, poti madokotala a ukatswiriwu ndi owerengeka m'dziko lonse. Ingokumbukirani kuti "adokotala" ndi mmodzi amene tikumulemekeza, pamene ambiri ndi "madokotala".

Chimene ndikufuna muchisunge kuyambira lero ndi makutu a Chichewa. Maphunziro onse ndatchulawa ndi a Chingerezi, koma mayi wochokera ku Thyolo akafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre sadzakuuzani dzina la nthenda la m'buku. Adzanena kuti mtima ukuthamanga, mutu ukutentha pamwamba, thupi lonse likuphwanya, kapena kuti akungoganiza kwambiri, ndipo mawu akuti kuganiza kwambiri pakamwa pa wodwala sakutanthauza nzeru, koma nkhawa imene yamulanda tulo ndi chilakolako cha chakudya. Wina adzati walodzedwa ndipo wadutsa kale kwa asing'anga ndi ku mapemphero, ndipo mukamuseka sadzabweranso kudzatenga mankhwala. Dokotala wa mafupa amathandizidwa ndi chithunzi cha ekisileyi, koma matenda ambiri a maganizo amadziwika ndi zimene wodwala ndi abale ake afotokoza, kotero amene samva bwino chiyankhulo chawo angathe kupereka mankhwala a mutu kwa munthu wovutika maganizo. Ngati mudzagwire ntchito ku Mzuzu kapena ku Mangochi, Chitumbuka ndi Chiyao mudzazifunanso.

Mafunsidwe nawo ndi ofunika kuwaphunzira. "Anayamba liti kupenga?" ndi funso limene limapita kwa m'bale woperekeza ngati kuti mwiniwake palibe m'chipindamo. Yambani ndi wodwalayo, mumutchule kuti bambo, mayi kapena achimwene monga mwa msinkhu wake, ndipo mumufunse kuti, "Tandiuzeni, chikukuvutani n'chiyani, ndipo munayamba liti kumva chonchi?" Woperekezayo mudzamufunse pambuyo pake, mutapempha chilolezo kwa wodwala ngati ali wotha kuyankha.