Mkulu wa khonsolo wandibloka pa Facebook, kodi malamulo akutinji?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku America wandilembera kuti mkulu wa khonsolo ya tauni yawo wawabloka pa Facebook. Chomwe analakwa n'kufunsa kawiri za msewu wopita kusukulu ya ana awo umene sukukonzedwa. Akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zololedwa.

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa munthu wolipidwa ndi misonkho yanu akakutsekerani pakhomo mutangofunsa za ntchito yake, wakulandani kanthu. Koma yankho la makhoti a kumeneko si lophweka, ndipo linasintha mu 2024.

Lamulo loteteza ufulu wolankhula ku America, First Amendment, limamanga manja a boma basi. Facebook ikafufuta komenti yanu, kapena mnansi wanu akakublokani, lamuloli silikuthandizani. Choncho mlandu wonse umagona pa funso limodzi: pamene anakublokani, anali ngati boma kapena ngati munthu wamba?

Mlandu umene ambiri amaukumbukira ndi wa Donald Trump. Mu 2017, bungwe la Knight First Amendment Institute la pa Columbia University pamodzi ndi anthu asanu ndi awiri amene anawabloka pa Twitter anamusumira. Khoti la ku New York linagamula mu 2018 kuti analakwa, ndipo la apilo linagwirizana nazo mu 2019, poona kuti ankalengezera pa akauntiyo nkhani za boma ndipo ofesi yake yomwe inanena kuti zolembedwa pamenepo ndi mawu a mtsogoleri wa dziko. Koma mu 2021, atachoka pampando, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, Supreme Court, linathetsa chigamulocho ponena kuti nkhaniyo yatha yokha. Musadalire mlandu umenewu, anthu amautchula ngati ukadali ndi mphamvu pamene ulibe.

Umene ukugwira ntchito lero ndi wa Lindke ndi Freed, wa pa 15 March 2024. James Freed anali woyendetsa mzinda wa Port Huron ku Michigan. Peji yake ya Facebook anaitsegula ali pakoleji, ndipo ankaikapo zithunzi za mwana wake, za galu wake, kenaka nkhani za mzinda, makamaka nthawi ya Covid. Kevin Lindke atadzudzula mmene mzinda ukuchitira ndi mliriwo, Freed anafufuta makomenti ake n'kumubloka. Oweruza onse asanu ndi anayi a Supreme Court anagwirizana, ndipo amene analemba chigamulo ndi Amy Coney Barrett. Anati pamafunika zinthu ziwiri, zonse pamodzi. Choyamba, mkuluyo akhale ndi mphamvu zenizeni zolankhulira boma pa nkhani imeneyo, zochokera m'lamulo kapena m'chizolowezi chokhazikika cha ofesiyo. Chachiwiri, akhale kuti pa positi imeneyo ankagwiritsa ntchito mphamvuzo. Meya akalengeza pa peji yake kuti wayimitsa lamulo la malo oimika galimoto, ndipo uthengawo sukupezeka kwina, ndi boma likulankhula. Akangogawa zimene zalembedwa kale pa webusaiti ya mzinda, khoti likhoza kunena kuti ndi zake.

Apa ndiye sindikugwirizana nalo khotili. Munthu wamba amene waona dzina la udindo, nambala ya ofesi ndi chithunzi cha mkulu atavala baji ya mzinda, adziwa bwanji zimene zili m'kalata yake ya ntchito? Mtolo wofufuza auika pamutu pa wodandaula, pamene amene akudziwa zonse ndi woblokayo. Komanso khoti linati peji ikalembedwa kuti "iyi ndi yanga, maganizo ndi anga," pamakhala chiyembekezo chachikulu chakuti ndi yakedi. Andale ochenjera angolemba mzere umodzi umenewo n'kupitiriza kulengeza za boma. Ena amabisala kuseri kwa kampeni: ku Missouri mu 2021, phungu Cheri Toalson Reisch anapambana pa apilo chifukwa akaunti yake inaonedwa kuti ndi yokopera mavoti. Ine ndikuti aliyense wofuna ulemu wa mpando alandirenso mafunso a mpandowo. Wotopa ndi phokoso ali ndi batani la mute, lomuthandiza kuti iye yekha asamaone zolemba za munthu, limene silimutseka pakamwa wina aliyense.

Komabe Barrett anasiya chingwe chimene mungagwire. Anasiyanitsa kufufuta komenti imodzi ndi kubloka. Kubloka pa Facebook kumakutsekerani peji yonse, kotero ngati pali positi ngakhale imodzi ya boma imene simungathenso kuyankhapo, mkuluyo akhoza kupezeka wolakwa. Kutalika kwa nthawi sikumupulumutsanso: ku Loudoun County ku Virginia, wapampando wa khonsolo ya deralo Phyllis Randall anabloka munthu kwa maola pafupifupi 12 okha, koma khoti la apilo mu 2019 linati anaphwanya lamulo. Ndipo kwa owerenga ali kumudzi, zigamulo izi sizimanga makhoti a ku Malawi. Kwathu nkhani yotere ingayambire pa gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko, kapena ku ofesi ya Ombudsman.

Zoti muchite

Jambulani zonse lero, asanasinthe peji: komenti yanu, tsiku, umboni wakuti mwablokedwa, ndi mbali yofotokoza mwini peji. Pemphani mnzanu amene sanablokedwe ajambule mapositi olengeza za misewu, bajeti kapena misonkhano, makamaka amene sakupezeka pa webusaiti ya tauni, ndiponso makomenti oyamikira amene anasiyidwa, chifukwa amasonyeza kuti anakusankhani kaamba ka maganizo anu. Pezani chikalata chofotokoza ntchito za mkuluyo ku ofesi ya kalaliki wa tauni. Kenaka lemberani loya wa tauniyo kalata yaifupi, yotchula mlandu wa Lindke, yopempha kuti akutsegulireni pofika tsiku lakuti. Nkhani ikhoza kuthera pamenepa, ndipo nthambi ya m'dera lanu ya ACLU, bungwe loteteza ufulu wa anthu ku America, ikhoza kukuthandizani pa makalata otere. Akakana, mlandu umapita kukhoti pansi pa Section 1983, lamulo lolola kusumira akuluakulu a boma amene aphwanya ufulu wanu, ndipo nthawi yosumira ndi zaka ziwiri kapena zitatu m'madera ambiri, chaka chimodzi m'madera ena. Pakali pano musamuopseze kapena kumudzazira makomenti ofanana kudzera pa akaunti ina, chifukwa zimenezo zidzamupatsa chifukwa chovomerezeka chimene lero alibe.