Zithunzi za black and white za m'misewu ya Blantyre zimafuna dzuwa la pambali

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene zithunzi zanu za nyumba ndi misewu ya mu Blantyre zimatulukira zotuwa mbuu mukazisandutsa kukhala za black and white, ndipo mukukayikira foni imene mumajambulira. Ine sindikuona mlandu waukulu pa foniyo. Vuto lagona pa nthawi imene mumajambula ndiponso mbali imene dzuwa likuchokera, chifukwa mitundu ikachoka pachithunzi, chotsala choti chisiyanitse khoma ndi mtengo, kapena munthu ndi msewu, ndi kuwala ndi mdima basi.

Tengani chitsanzo cha tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga. Kukongola kwake kuli mu njerwa zoumbidwa mosiyanasiyana, zina zotulukira kunja, zina zolowa mkati. Mukachijambula masana dzuwa lili paliwombo, makoma amakhala opanda mizere ya mthunzi, ndipo luso lonse la amisiri aja limazimirira. Koma mukabwera m'mawa dzuwa litangotuluka, kapena madzulo likupendeka, kuwala kumadutsa chopingasa pakhoma, njerwa iliyonse yotulukira kunja imagwetsa kamthunzi kake, ndipo chithunzi chimakhala chakuya musanachikonze n'komwe. Choncho pitani kaye mukazungulire nyumbayo foni ili m'thumba, muone khoma limene limalandira dzuwa la m'mawa ndi limene limalandira la madzulo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri kwathu kuno, kumene njerwa zootcha zili ponseponse. Kufiira kwa njerwa ndi kubiriwira kwa masamba, m'maso mwathu ndi zinthu zosiyana kwambiri, koma zikasanduka black and white nthawi zambiri zimatuwa mofanana, moti nyumba imasowa pakati pa mitengo. Akale ojambula ndi filimu ankaika kagalasi kachikasu kapena kofiira kutsogolo kwa lenzi, ndipo kagalasi kofiirako kamayeretsa njerwa, kamadetsa masamba, komanso kamadetsa thambo kuti mitambo ionekere bwino. Lero zimenezi zimachitika mu pulogalamu yokonzera zithunzi monga Lightroom kapena Snapseed. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muzijambula chithunzi chili ndi mitundu yake, mu RAW (mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yajambula zisanakonzedwe) ngati foni yanu ikulola, ndipo muzichisandutsa pambuyo pake, kuti muthe kusankha mtundu umene uyere ndi umene ude. Kungodina batani lochotsa mitundu n'kumene kumabweretsa kutuwa kumene mukudandaulako.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. Mzinda wa Blantyre uli pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, motero chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, mithunzi imafupika, ndipo malata amangothwanima. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, mithunzi imatalika ngakhale masana, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imabisa za patali n'kusiya nyumba yapafupi itaima yokha. Masiku amenewa ambiri amasunga kamera poopa kuzizira, koma kwa ine ndiwo masiku abwino kuposa onse. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaphimba mapiri a Ndirande ndi Soche, choncho ndi bwino kujambula zinthu zapafupi monga zipilala, makonde ndi masitepe.

Ponena za makonde, ku Mandala House, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes, mudzakumana ndi vuto lakuti pansi pa khonde pali mdima pomwe pabwalo pakuwala kwambiri. Pamenepo dinani pamalo powala kuti foni iyeze kuwala kwa pamenepo, ndipo mulole kuti mthunzi ude ndithu. Malo amene ayereratu sabwezeka pokonza, koma mumdima mumatha kutulukamo zinthu. Musaope kuda, chithunzi chopanda malo akuda bii ndi malo oyera mbee sichigwira diso.

Za nyumba zooneka ngati zikugwera chagada, zimachitika chifukwa chopendeketsa foni m'mwamba kuti nsonga ilowe. Bwererani m'mbuyo, gwirani foni chilili, ndipo mukadule msewu wochuluka wa m'munsi pokonza.

Sindikufuna kuti mumve ngati dzuwa la masana ndi loletsedwa. David Goldblatt wa ku South Africa, amene anamwalira mu 2018, anajambula matchalitchi, nyumba ndi zipilala zachikumbutso za dziko lake kwa zaka zambiri mu black and white, ndipo sankathawa kuwala koopsa kwa kumeneko. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankadziwa chimene akufuna kunena za anthu amene anamanga ndi kugwiritsa ntchito nyumbazo. Inunso mukaima pa Victoria Avenue kapena Haile Selassie Road, sankhani kaye khoma ndi mthunzi zimene zakukondweretsani, kenako dikirani kuti wina adutse pamalo powala, kaya ndi mayi wosenza dengu kapena mnyamata wokankha wilibala, pakuti munthuyo ndi amene amaonetsa kukula kwa nyumbayo.

Ngati nkhope ya munthu idzaoneka bwino, perekani moni ndipo pemphani, makamaka kwa ochita malonda mu Limbe, amene ena mwa iwo amakayikira kamera poganiza kuti zithunzizo zikathera kwa akuluakulu a mzinda. Pewaninso kujambula nyumba ya boma ya Sanjika, malo a asilikali ndi malo ena otetezedwa. Mukafika ku Mandala, mukafunsenso za laibulale ya Society of Malawi imene ili m'nyumba yomweyo, chifukwa imasunga zithunzi zakale za mzindawu zimene mungazifanizire ndi zanu.