Yankho kwa amalume pa za difensi ya Eagles

Eee amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno ku Philadelphia tili bwino. Funso lanu ndaliona pagulupa, lija mukuti zinatheka bwanji kuti Eagles, timu yathu ya American football kuno, imene ndinkangoidandaula kuti kumbuyo kwake aliyense akungodutsa, chaka chotsatira chomwecho n'kukanyamula Super Bowl, chikho cha fainolo ya ligi ya kuno ya NFL. Mwafunsanso kuti kodi anagula osewera atsopano okhaokha, kapena ndi kochi watsopano uja. Kulemba zonsezi zala zingatope, ndiye ndingolankhula. Amene mpira sukukukhudzani pagulu pano mungodumpha, sindikwiya.

Kaye ndikukumbutseni kuti mpira wa kunowu, omenya kutsogolo ndi ena, otchinga ndi enanso. Timu ikakhala ndi mpira mumalowa anthu 11, mpira ukapita kwa adani onse aja amatuluka, n'kulowa 11 ena amene ntchito yawo ndi kutchinga basi. Ndiye gulu lotchingali limakhala ndi kochi wakewake, amati defensive coordinator. Kochi wamkulu wa timu yonse, Nick Sirianni, sanasinthe ayi. Anasintha ndi wa difensiyo.

Vuto linayambira apa. Mu Febuluwale 2023 Eagles inagonja mu Super Bowl kwa Kansas City Chiefs, 38 kwa 35. Kochi wa difensi nthawi imeneyo, Jonathan Gannon, ananyamuka kukakhala kochi wamkulu ku Arizona. Pamalo pake anaikapo Sean Desai. Sizoni ya 2023 inayamba bwino kwambiri, masewero 11 oyambirira tinapambana 10. Koma amene ankaonetsetsa ankaona kuti tikungopulumukira pakamwa pa ng'ona. Kenako San Francisco inabwera konkuno n'kutimenya 42 kwa 19, sabata yotsatira Dallas inatimenya 33 kwa 13. Akuluakulu anachita mantha, mu Disembala anamulanda Desai udindo woitana maseweredwe n'kumupatsa Matt Patricia. Ndiye zinthu zinangoipiraipira. Pa masewero 6 omaliza tinagonja 5, kamodzi kwa Arizona ya Gannon yemwe uja, pakhomo pathu. Mu Januwale 2024 Tampa Bay inatitulutsa 32 kwa 9. Pa matimu 32 a mu NFL, difensi yathu inali pa nambala 30 pa mapointi olola, ndipo pa mipira yoponya inali yachiwiri kuchokera kumunsi.

Mwezi womwewo wa Januwale anabweretsa Vic Fangio. Ndi mdala ndithu, wobadwa mu 1958 ku Dunmore, konkuno ku Pennsylvania, ndipo analowa mu NFL mu 1986. Anakonzapo difensi ya San Francisco, anakonzapo ya Chicago. Atamupatsa ukochi waukulu ku Denver kuyambira 2019 mpaka 2021 sizinamuyendere, anapambana 19 n'kugonja 30. Ku Miami anangokhalako chaka chimodzi. Ndiye musaganize kuti ndi munthu woti chilichonse akagwira chimasanduka golide. Ndi munthu wa ntchito imodzi, kutchinga, ndipo imeneyo amaidziwa. Tsiku la masewero sakhalanso pansi pa mzere ndi anyamata. Amakhala m'kachipinda ka magalasi pamwamba pa sitediyamu, bwalo lonse akuliona, malangizo n'kumafika kwa wosewera mmodzi amene chipewa chake chili ndi kawailesi mkati ndi kadontho kobiriwira kumbuyo.

Kaseweredwe kake n'kotere. Mpira usanachoke pansi, amaika anthu awiri kumbuyo kwenikweni, ma safety, wina kumanja wina kumanzere. Pafupifupi ulendo uliwonse chithunzi chimakhala chomwecho. Quarterback, uja woponya mpira, akadzutsa mutu amaona zomwe anaona ulendo wapitawo. Koma mpira ukangochoka pansi, mmodzi wa awiriwo atha kutsika kudzatseka pakati, kapena onse akhala komweko, kapena mbali ino agwirana munthu ndi munthu pomwe mbali inayo akulondera malo. Woponyayo ali ndi masekondi awiri kapena atatu kuti amvetse chimene chasintha, uku zimphona zinayi zikubwera kudzamugwetsa. Fangio sakufuna umenye mpira umodzi wautali wokathera ku touchdown, ndiko kugoletsa pofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo. Akupatsa mayadi 4, mayadi 5, uziyenda pang'onopang'ono, akudziwa kuti pa maulendo 12 penapake ulakwitsa.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, amalume. Kaseweredwe kameneka sikachinsinsi. Matimu ambiri mu ligi anakakopera kalekale. Desai yemwe uja amene anachotsedwa, anaphunzirira kwa Fangio ku Chicago, ndipo zimene ankayesa kuchita mu 2023 zinali za m'buku lomwelo. Ufa womwewo, mphika womwewo, koma nsima ya wina ipsa bwino ya wina ituluka yosapsa. Ndiye ine ndimakana anthu akamati Fangio anabwera ndi nzeru zachilendo pa pepala. Chimene anabwera nacho ndi diso lodziwa kuti munthu uyu malo ake enieni ndi ati, komanso mphamvu zoti akanena kuti uyu akhale pa benchi, palibe womutsutsa, ngakhale munthuyo anagulidwa ndalama zingati.

Tengani Zack Baun. Mnyamata ameneyu anakhala zaka zinayi ku New Orleans Saints, akusewera apo ndi apo m'mphepete mwa mzere wakutsogolo, nthawi zambiri amangolowa pothamangira mipira yokankha. Eagles inamutenga pa kontrakiti ya chaka chimodzi, madola 3.5 miliyoni, imene kuno mu NFL ndi ndalama ya munthu wodzathandizira chabe. Fangio ataonera mavidiyo ake anaona kuti uyu si wa m'mphepete, ndi wa pakati, linebacker, uja amaima kumbuyo kwa zimphona zija n'kumawerenga kumene mpira ukulowera. Anamusamutsira kumeneko. Pakutha pa sizoni Baun anali atagwetsa anthu maulendo 151, atagwetsetsa mpira m'manja mwa adani kasanu, n'kusankhidwa mu All-Pro yoyamba, kutanthauza kuti pa malo akewo anali m'gulu la opambana ligi yonse. Thupi lomwelo, liwiro lomwelo limene anali nalo ku New Orleans.

Mbali inayo, onani amene anagulidwa ndi phokoso. Bryce Huff anachokera ku New York Jets pa madola 51 miliyoni zaka zitatu, kuti adzalowe m'malo mwa Haason Reddick pogwetsa ma quarterback. Sizinagwire. Nthawi yake yosewera inangomka nichepa, anavulalanso dzanja, ndipo tsiku la Super Bowl sanavale n'komwe yunifolomu. Devin White, munthu woti anapambanapo Super Bowl ndi Tampa Bay, anabwera aliyense akuganiza kuti malo a pakati ndi ake. Fangio anasankha Nakobe Dean ndi Baun, White sanasewere ngakhale gemu imodzi, mu Okutobala anamumasula. Kochi wamantha akanati ndalama zalowa kale, aseweretu. Mdala uja ayi.

Koma ndisamupatse zonse. Pali Howie Roseman, amene amayang'anira zogula ndi kusankha osewera. Chaka chilichonse mu Epulo matimu amasankha anyamata ochokera ku makoleji, amati draft. Mu 2023 ma cornerback athu, aja othamanga ndi olandira mpira m'mbali, Darius Slay ndi James Bradberry, onse zaka 30 zinali zitakwana, ndipo miyendo ya Bradberry inkaonekeratu kuti yatopa. Mu draft ya 2024 Roseman anatenga ma cornerback awiri motsatizana: Quinyon Mitchell wa ku Toledo pa nambala 22, Cooper DeJean wa ku Iowa pa nambala 40. Anabwezanso C.J. Gardner-Johnson pa safety. Kutsogolo Fletcher Cox anapuma mpira, koma panali kale anyamata a ku Georgia amene anasankhidwa zaka zam'mbuyo, Jalen Carter, Jordan Davis, Nolan Smith, kuphatikizapo Milton Williams ndi Josh Sweat amene analipo kale. Ambiri mwa amene anapambana chikho ndi omwe aja ankanyozedwa mu 2023. Popanda anthu anayi akutsogolo otha kuthyola mpanda paokha, kaseweredwe ka Fangio sikagwira, chifukwa iye safuna kuchotsa anthu kumbuyo kuti akathandize kutsogolo.

Komanso sizinasinthe tsiku limodzi. Gemu yoyamba anakasewerera ku São Paulo, ku Brazil, anapambana Green Bay koma analola mapointi 29. Yachiwiri Atlanta inayenda bwalo lonse m'mphindi ziwiri zomaliza n'kupambana 22 kwa 21. Yachinayi Tampa Bay inatimenyanso, 33 kwa 16. Apa mawailesi a kuno anali atayaka moto, anthu oimba foni akufuna Sirianni achotsedwe, ena akuti mdalayu mpira unamudutsa. Anthu a mzinda uno kulalata ndiye amatha, amakuwiza timu yawo yomwe ikutsogola. Kenako kunabwera sabata yopuma. Pobwerako DeJean, amene anaphonya zokonzekera zambiri chifukwa cha kuvulala kwa mnofu wa ntchafu, anamulowetsa pa malo a mkati, aja a cornerback wachitatu. Kuchokera pamenepo timu inapambana masewero 10 otsatizana. Inamaliza 14 kwa 3, difensi ili nambala 1 pa mayadi olola, nambala 1 pa mipira yoponya, nambala 2 pa mapointi. Ndinenenso kuti Saquon Barkley, wothamanga ndi mpira wa Eagles, anathandiza, anathamanga mayadi 2,005, ndiye timu ikamasunga mpira nthawi yaitali chonchi otchinga amalowa atapuma.

Gemu imene ndikufuna mukaione ndi ya pa 9 Febuluwale 2025 ku New Orleans. Kumeneko inayamba cha m'ma hafu pasiti wani usiku, ndikudziwa munali mtulo. Chiefs inkafuna chikho chachitatu chotsatizana, chinthu choti palibe timu inachitapo mu Super Bowl. Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, ukamutumizira anthu owonjezera kuti akamugwetse, imene amati blitz, amakondwa, chifukwa amadziwa kuti penapake kumbuyo pasiyidwa poyera. Fangio gemu yonse sanatumize blitz ngakhale imodzi. Anayi kutsogolo, asanu ndi awiri kumbuyo, basi. Komabe Mahomes anagwetsedwa ali ndi mpira maulendo 6.

Mu kota yachiwiri pali mphindi imene ikuonetsa zonsezi. Eagles ikutsogola 10 kwa 0. Mahomes agwetsedwa, adzuka, agwetsedwanso. Tsopano ndi ulendo wachitatu mwa anayi amene timu imapatsidwa, akufunika mayadi 16. Athawira kumanja, maso ali kutsogolo, aona munthu wake akudutsa pakati, aponya. Samuona DeJean amene wakhala chete pamalo pake akumuwerenga maso. Mnyamata uja adutsa kutsogolo kwa wolandira, awakha, athamanga mayadi 38 mpaka touchdown. Tsiku limenelo ankakwanitsa zaka 22. Hafu isanathe, Sweat anakankha Joe Thuney, mmodzi wa oteteza Mahomes, chobwerera mpaka kukagunda Mahomes akuponya, mpira unatuluka wopanda mphamvu, Baun anadziponya pansi n'kuugwira pafupi ndi golo la Chiefs. Popita kopuma inali 24 kwa 0, Chiefs itayenda mayadi 23 okha hafu yonse. Inafika 34 kwa 0 asanagoletse. Zija za 40 kwa 22 zisakunamizeni, mapointi ambiri a Chiefs anabwera wopambana atadziwika kale. Mphoto ya wosewera bwino anapatsa Jalen Hurts, quarterback wathu, chabwino, koma ine ndikanapatsa Sweat. Ndipo Fangio, ali ndi zaka 66, ndiye chikho chake choyamba, m'bwalo lomwelo limene anagonjeramo Super Bowl ali ndi San Francisco mu 2013.

Ndiye funso lanu lija, kochi kapena osewera, ine ndingati Roseman anasonkhanitsa anthu, koma ambiri a iwo analipo kale pamene zinthu zinkavuta, ndipo ena okwera mtengo amene anawonjezera, monga Huff, sanathandize. Kusiyana kunali munthu woika aliyense pamalo pake n'kusasuntha anthu akamakuwa mu Seputembala.

Chowawa chake n'choti mu NFL muli malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, mu 2024 anali madola 255.4 miliyoni. Difensi ikawala chonchi, mitengo ya anyamata imakwera, sungawasunge onse. Mwezi umodzi chikho chitabwera, Milton Williams anapita ku New England pa madola 104 miliyoni, Sweat anatsatira Gannon ku Arizona, Slay anapita ku Pittsburgh, Gardner-Johnson anamugulitsa ku Houston. Baun yekha anamugwira, madola 51 miliyoni zaka zitatu, ndalama yofanana ndi ija anapatsa Huff. Huff naye kenako anamutumiza ku San Francisco.

Mukapeza bando yokwanira, sakani gemu imeneyo pa YouTube, hafu yoyamba yokha ikwanira. Musamatsatire mpira ngati mmene timachitira ndi wathu uja. Maso akhale pa anthu awiri akumbuyo kwenikweni, muone kumene akulowera mpira ukangochoka pansi, kenako muone nambala 53, ndiye Baun, ndi nambala 98, ndiye Carter, amene nthawi zambiri amamugwira anthu awiri. Pamene simukumvetsa mundiuze mphindi yake, ndikufotokozerani. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.