Ka s ka pa "she goes" kandizunguza

Funso: Akonzi, ndine mwana wa sukulu kuno ku Kapata mu Chipata. Ndikalemba "She go to the market every day" aticha amandidula mamakisi ati pasowa s, nanga "I go" bwanji alibe? Ndithandizeni chonde.

Yankho: Mwanawe, aticha sakulakwa. Simple present ndi ya zochitika masiku onse, monga -ma- wa mu "amapita". Ukakamba za he, she kapena it, mneni amatenga s kapena es: she sells tomatoes, he goes. Pa I, you, we, they palibe. Koma chenjera apa pomwe ambiri amagwa pamayeso, pofunsa ndi pokana ka s kaja kamasamukira pa does, ndiye uzilemba "Does she go?" osati "Does she goes?", chimodzimodzi "she doesn't go".