Chitseko chikatsika, striker ndi yomalizira

Achimwene, ndawerenga funso lanu ndipo zithunzi ziwiri mwaikazo ndaziona. Mwati galimoto yanu ndi Mazda MX-5 yakale, ya nyali zotukuka zija, ndipo chitseko cha dalaivala chimafuna kuchinyamula kaye kuti chitsekeke. Mwatinso mukathamanga mphepo imaimba mluzu pafupi ndi khutu. Funso lanu ndi lakuti kodi mungangomasula striker, kachitsulo ka pansanamira kamene loko amakola kaja, n'kuitsitsa pang'ono? Anzathu angapo ayankha kale kuti inde. Ine ndikupempha kuti muyambe mwadikira.

Striker ntchito yake ndi kugwira chitseko chikafika kale pamalo pake. Sinapangidwe kuti izinyamula chitseko. Kulemera konse kumakhala pa mahinji awiri akutsogolo aja. Mukaitsitsa, inde chitseko chitsekeka mofewa ndipo mtima ukhala pansi kwa masiku angapo, koma chikhala chitatsekeka chili chopendekeka. Galasi lizilephera kukanikiza labala wa denga, mluzu uja ukula, ndipo mvula ikagwa mupeza kapeti yanyowa. Tapitani mukayang'ane striker yanuyo ndi tochi. Ndikukhulupirira mupeza pamwamba pake papalika, pakuwala ngati pakwechedwa ndi fayilo. Pamenepo ndi pamene loko wakhala akukwera tsiku ndi tsiku, akudyeka, chifukwa cha vuto limene lili kutsogolo.

Magalimoto a zitseko ziwiri amadwala nthenda imeneyi kuposa ena chifukwa chitseko chake ndi chachitali. Tiyerekeze kuti chitseko ndi chotalika mita imodzi, ndipo mahinji atalikirana masentimita 30. Hinji yam'mwamba ikakhwepa ndi milimita imodzi yokha, kumapeto kwa chitseko kumatsika mamilimita oposa atatu. Milimita imodziyo diso siliiona, koma atatuwo ndi amene mukulimbana nawo m'mawa uliwonse. Onjezani kuti galimoto zimenezi ndi zofupika, munthu potuluka amatsamira chitseko kuti adzuke. MX-5 ya mtundu wanuwo inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1997, ndiye werengani nokha zaka zimene mahinjiwo akhala akusenza anthu.

Musanagwire sipanala, chitani izi. Tsegulani chitseko pang'ono, mpata wongokwana dzanja, gwirani kunsi kwake chakumapeto, n'kumachinyamula ndi kuchisiya. Mnzanu agwade kutsogolo ndi tochi, maso pa mahinji. Ngati mukumva kuti gu gu, ndipo mbali ziwiri za hinji zikusuntha mosiyana, ndiye kuti pini kapena mabushi atha. Apa palibe chosuntha chimene chingathandize. Pa magalimoto ena pini imakhomedwa n'kutuluka, mumaika ina ndi mabushi atsopano. Pa ena ndi bwino kugula hinji yonse. Sinthani imodzi imodzi, inayo ikugwirabe chitseko, ndipo kawirikawiri yam'mwamba ndi imene imayamba kutha chifukwa ndi imene imakokedwa. Ngati hinji yonse ikugwedera pansanamira, mwina bawuti yamasuka, umene ndi mwayi, kapena chitsulo chang'ambika mozungulira bawutiyo, ndipo apo pafunika wowotcherera waluso.

Koma ngati palibe chogwedera chilichonse, gwadani muyang'ane pansi. Apa ndi pamene mtima wanga uli. Galimoto yanu ilibe denga lachitsulo, choncho mphamvu ya thupi lake yagona pa zitsulo zazitali zodutsa kunsi kwa zitseko. Pa MX-5 zakale zitsulo zimenezi zimadziwika bwino kuti zimaola chakumbuyo, patsogolo pa matayala. Madzi ochoka padenga lansalu amayenera kutuluka kudzera m'timipaipi tili kuseri kwa mipando. Timipaipito tikatsekeka ndi masamba ndi fumbi, madzi amaima mkati, ndipo dzimbiri limadya kuchokera mkati kutuluka kunja. Kanikizani ndi chala pamene penti yatupa matuza. Pakamveka kuti tswa ngati tsamba louma, thupi la galimoto layamba kufooka, ndipo chitsekocho changokhala mthenga. Chizindikiro china ndi mpata wa kumbuyo kwa chitseko: ukakhala wothina m'mwamba, wotambasuka pansi, ndipo mbali zonse ziwiri zikuchita chimodzimodzi, kaikirani thupi osati mahinji. Zikatero kakonzetseni dzimbirilo kaye, chifukwa iyi ndi nkhani ya moyo wanu pamsewu.

Tinene kuti pansi ndi pabwino ndipo mahinji ndi olimba kapena mwawasintha. Tsopano ndiye ntchito yosuntha ikuyamba.

Imikani galimoto pamalo osalala, matayala onse anayi ali pansi. Chonde musaiwale zimenezi. Ine ndinagwirapo ntchito imeneyi masana onse pa galimoto yopanda denga, mbali imodzi ili pa jeke chifukwa tinachotsa tayala kuti tifikire mabawuti. Mipata inakhala bwino kwambiri, chitseko chikutsekeka ndi chala chimodzi. Titatsitsa jeke, chitseko chomwecho chinagunda pakona yam'mwamba n'kusenda penti. Thupi linali litapindika pang'ono pamene linali m'mwamba, ndipo ife tinalunjikitsa chitseko pa thupi lopindikalo. Ngati mufunika kuchotsa tayala ndi pulasitiki wa mkati mwa madigadi kuti muone mabawuti, chotsani pulasitikiyo, bwezerani tayala, tsitsani galimoto, kenako khotetsani siteringi kuti mupeze mpata.

Matani tepi yapepala mozungulira hinji iliyonse ndi mozungulira striker, n'kulemba mzere ndi pensulo. Mizere imeneyi ndi njira yanu yobwerera zinthu zikasokonekera, ndipo ndi imene ikuuzani kuti mwasuntha milimita imodzi kapena iwiri. Mataninso tepi m'mphepete mwa chitseko ndi mwa madigadi kuti penti isasendeke. Tsitsani galasi mpaka pansi. Kenako chotsani striker yonse, muiike pambali. Ambiri amadabwa nazo izi, koma striker ikakhalapo imakoka chitseko n'kukunamizani. Ikachoka, chitseko chimalendewera pa mahinji okha ndipo mumaona pamene chikukhaladi. Masikuluwu a striker amakhala olimba zedi. Ena ali ndi mutu wa mtanda waukulu, ena ndi Torx, wa mutu wooneka ngati nyenyezi, ndipo sikuludiraiva ikakhala yaing'ono mutu umaphwanyika nthawi yomweyo. Sikuludiraiva yochita kumenya ndi hamala ndi imene imawamasula osawawononga.

Ikani jeke kunsi kwa chitseko chakumapeto, pamwamba pake thabwa lokulungidwa ndi nsalu, ingokhudza n'kusenza kulemerako. Masulani mabawuti pang'ono, theka la kuzungulira basi, kuti hinji izisuntha mukaikankha koma isamagwe yokha. Pa magalimoto ambiri, mabawuti ogwira hinji ku thupi ndi amene amakweza, kutsitsa, ndi kupititsa chitseko kutsogolo kapena kumbuyo. Ogwira hinji ku chitseko ndi amene amachilowetsa mkati kapena kuchitulutsa kunja. Yang'anani mabowo ake muone kumene kuli mpata. Ndipo musamasule onse nthawi imodzi, chitseko chithawa mbali zonse ndipo simudziwa chimene chasintha.

Vuto lanu ndi la kumapeto kotsika, ndiye masulani hinji yam'mwamba ku thupi, kwezani jeke pang'ono pang'ono mpaka muone hinjiyo yasunthira kutsogolo pamzere wanu, mangani, chotsani jeke, kankhani chitseko modekha muone. Mukachotsa jeke chimakhala pansi pang'ono, choncho ndimakonda kuchisiya chili m'mwamba ndi milimita imodzi kapena iwiri. Mubwereza katatu, kanayi, mwina kasanu ndi kamodzi. Ndi mmene ntchitoyi ilili.

Polunjikitsa, yang'anani kumbuyo, osati kutsogolo. Mbali ya thupi ya kumbuyo kwa chitseko ndi yowotcherera, siisuntha, ndiye chitseko ndicho chiyenera kuitsatira. Madigadi akutsogolo ndi omanga ndi mabawuti, mukhoza kuwasuntha pambuyo kuti atsatire chitseko. Mzere wopindika wa pachitseko ukumane ndi mnzake wa pathupi osadumpha. Mpata ukhale wofanana kuchokera m'mwamba mpaka pansi, mamilimita anayi kapena asanu. Ine ndimapinda kakatoni mpaka kakwane mumpata wa chitseko cha mbali inayo, chimene chili bwino, n'kumayezera komweko. Potulutsa kapena kulowetsa, yendetsani chikhatho kuchokera pa madigadi kupita pachitseko. Mphepete yakutsogolo ya chitseko ifanane ndi madigadi kapena ilowe mkati kachidutswa kochepa chabe. Ikatuluka kunja imakola mphepo, imachita phokoso, ndipo timiyala ta mumsewu timasenda penti yake.

Wina mu ndemanga zam'mwambamu wanena zoika thabwa pakati pa hinji n'kukankha chitseko, kapena kuchinyamula ndi jeke mpaka chipindike. Ndikudziwa kuti amisiri ena amachita zimenezi ndipo nthawi zina zimatheka. Pa galimoto ya zaka pafupifupi 30 ine sindingachite. Chimene chimapindika pamenepo ndi chitsulo cha nsanamira kapena cha chitseko, chimene chatopa kale, ndipo chitsulo chopindidwa kamodzi chimabwerera kapena kung'ambika. Mabowo osunthira anaikidwapo ndi opanga galimoto, agwiritseni ntchito.

Chitseko chikaima bwino pachokha, mangani mabawuti molimba, ndipo ngati muli ndi buku la galimotoyo tsatirani mphamvu yomangira yalembedwamo. Tsopano bwezerani striker. Imangeni mongogwira, kokani chogwirira chakunja osachisiya, n'kukankha chitseko pang'onopang'ono mukusuzumira mumpata. Striker ilowe pakati penipeni pa kamwa ya loko, chitseko chisakwere kapena kutsika ngakhale pang'ono. Mukapaka choko kapena kagirisi pa striker muona pamene pakukhudza. Kenako isunthireni mkati kapena kunja mpaka kumapeto kwa chitseko kufanane ndi thupi. Mvetserani bwino potseka: loko wa galimoto amakola kawiri, koyamba kongogwirizira, kachiwiri kotsekeratu. Striker ikalowa mkati kwambiri, chitseko chikhoza kuima pa koyambako inu mukuganiza kuti chatsekeka. Kokani chitseko mwamphamvu osagwira chogwirira, chisagwedere.

Pa MX-5 palinso kamphira kolimba pansanamira, pafupi ndi striker, kamene kamalowa m'kachikho ka pachitseko. Kamathandiza kuti chitseko chigwirane ndi thupi galimoto ikamayenda pa mabampu. Kakatha chitseko chimagogoda, ndipo kakakhala pamalo olakwika kamakankha chitseko ngati mmene striker imachitira. Kayang'aneni nthawi yomweyo.

Galasi ndiye lomaliza. Lilibe chimango chachitsulo m'mwamba, limangokanikiza labala wa denga, choncho chitseko chikasuntha nalo lasuntha. Likwezeni, ikani pepala pakati pa galasi ndi labala, tsekani, kokani pepalalo. Chitani zimenezi kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Pamene pepala likutuluka mosavuta ndi pamene mluzu wanu ukulowera. Nthawi zambiri chitseko chikabwerera m'malo mwake galasi nalo limakhala bwino lokha. Likakana, mkati mwa chitseko muli zoimitsira galasi ndi mabawuti a njanji zake, zimene zimasintha kutalika ndi kupendekeka kwake, koma muzifikira mutachotsa chophimba chamkati. Labala akakhala wouma ndi wophwatalala, palibe kusuntha kumene kungamupatsenso moyo. Akakhala watsopano amakhala wolimba, chitseko chimavuta kutseka kwa milungu ingapo, ndiye musathamangire kutulutsa striker chifukwa cha iye.

Kwa anzathu a m'gulu muno amene muli ndi zatsopano ngati Nissan 350Z kapena Toyota 86, galasi lanu limatsika lokha pang'ono mukatsegula chitseko n'kukwera mukatseka. Ngati mwachotsa batire pogwira ntchito, galasilo likhoza kuiwala malire ake, ndipo lifunika kuliphunzitsanso monga buku likunenera musanatseke chitseko mwamphamvu. Magalimoto ena atsopano alinso ndi masensa a airbag mkati mwa chitseko, choncho musazule mawaya ake batire ili yolumikizidwa.

Mukamaliza, thirani madzi ndi payipi kuchokera padenga, osawalunjikitsa mwamphamvu mumpata, mnzanu ali mkati akuyang'ana. Pakani girisi pa mahinji ndi pa loko. Pakatha mlungu umodzi mukuyenda nayo, onaninso mizere ya pensulo ija ngati hinji yasuntha, ndiye mumatule tepi. Koma lero yambani ndi kuchinyamula chitsekocho mnzanu ali ndi tochi, ndipo mutijambulire chithunzi cha kunsi, patsogolo pa tayala lakumbuyo. Ndikachiona ndikuuzani koyambira.